Mavocha a ana a kuntchito kuno ku UK: amene ali nawo awasunge kapena awasiye?

Anaphiri (Leeds):
Moni nonse. Funso la mavocha a kuntchito olipirira osamalira ana labweranso kangapo mwezi uno, ndiye tiyeni tilikambe pamalo amodzi kuti lisamangomwazikana. Ena akufunsa kuti angalowe bwanji, ena ali nawo kale koma akumva kuti Tax-Free Childcare, thandizo la boma lolipirira osamalira ana, ndiyo yabwino. Ndiyambe ndi zimene sizisintha. Mavocha a kuntchito anatsekedwa kwa anthu atsopano pa 4 October 2018. Ngati tsikulo lisanadutse munali musanayambe kudulidwa malipiro n'kulandira vocha yoyamba, khomo limenelo kwa inu n'lotseka, ngakhale a HR, oyang'anira za antchito, atakukondani bwanji. Nkhani yatsala kwa amene analowa kale. Amenewa akhoza kupitiriza malinga akadali kwa bwana yemweyo, bwanayo sanathetse dongosololi, ndipo sipanadutse masabata 52 asanalandireko vocha. Amene mumadziwa masamu ake, tithandizeni.

Bambo a Tamanda (Glasgow):
Zikomo Anaphiri. Vocha si ndalama yaulere yochokera kwa bwana ayi. Ndi malipiro anu omwe, kungoti mumagwirizana ndi bwana kuti gawo lina lisabwere ngati ndalama koma ngati vocha, chimene pa payslip chimalembedwa kuti salary sacrifice. Phindu lake n'lakuti gawo limenelo silidulidwa msonkho kapena National Insurance, ndalama ina imene boma limadula pa malipiro.

Malire ake amadalira mlingo wa msonkho wanu. Wa msonkho wa 20% amaloledwa £55 pa sabata, kapena £243 pa mwezi. Wa 40% ndi £28 pa sabata, £124 pa mwezi. Wa 45% ndi £25 pa sabata, £110 pa mwezi. Amene analowa 6 April 2011 isanafike ali ndi mwayi wapadera, amatengabe £243 ngakhale malipiro awo akwere motani.

Tiwerenge ndi mitengo ya chaka cha msonkho cha 2025/26. £243 kuchulukitsa ndi 12 ndi £2,916 pa chaka. Msonkho 20% kuphatikiza National Insurance 8% ndi 28%, ndiye mumapulumutsa £816 pa chaka. Mukaona malo ena olembedwa £933, dziwani kuti n'zakale, za nthawi imene National Insurance inali 12%. Inatsika kufika pa 10% mu January 2024, n'kutsikanso kufika pa 8% mu April chaka chomwecho, ndipo phindu la vocha linatsikira limodzi. Wa 40% amapulumutsa 42% ya £1,488, pafupifupi £625. Kuno ku Scotland manambala amasiyanako pang'ono chifukwa milingo ya msonkho ndi ina, pali wa 21% ndi wa 42%.

Mayi a Yankho (Luton):
Bambo a Tamanda, onjezanipo kuti malire amenewa ndi a kholo lililonse, osati a mwana aliyense. Apa m'pamene anthu amasokonezeka. Mukhale ndi mwana mmodzi kapena anayi, £243 ndi yomweyo. Koma ngati bambo ndi mayi onse analowa isanatsekedwe, aliyense kuntchito kwake, banja limakhala ndi £486 pa mwezi ndipo phindu limafika £1,633 pa chaka.

Tax-Free Childcare imayendera mwana. Mukaika £8 mu akaunti, boma limaikapo £2, mpaka £500 pa miyezi itatu, kutanthauza £2,000 pa chaka pa mwana mmodzi. Mwana wolumala ndi £1,000 pa miyezi itatu, £4,000 pa chaka. Dzina lake limanyenga, chifukwa sikhudza msonkho wanu n'komwe. Ndi ndalama yongowonjezera.

Achimwene Limbani (Manchester):
Njira yachidule yoyerekezera ndi iyi. Bilu ya nazale ya £100 mukailipira ndi vocha, m'thumba mwanu mwachoka £72 ngati muli pa 20%, kapena £58 ngati muli pa 40%. Bilu yomweyo kudzera ku Tax-Free Childcare mwachoka £80. Ndiye pa paundi iliyonse vocha imaposa, vuto lake n'lakuti imathera pafupi. Tax-Free Childcare imapereka zochepa pa paundi koma imafika patali, mpaka bilu ya £10,000 pa chaka pa mwana.

Pokumanira pake ndi apa. Kholo limodzi la mavocha pa 20% limapeza £816. Kuti Tax-Free Childcare ikupatseni £816, bilu yanu ya chaka iyenera kufika pafupifupi £4,080. Kupitirira pamenepo Tax-Free Childcare yapambana. Makolo awiri a mavocha, pokumanira ndi pafupifupi £8,165. Kholo limodzi la 40%, ndi £3,125.

Tiyese ndi banja la makolo awiri a mavocha ndi mwana mmodzi wolipira £900 pa mwezi. Pa chaka ndi £10,800. Tax-Free Childcare ipereka £2,000, chifukwa yafika pamalire. Mavocha apereka £1,633. Kusiyana £367, Tax-Free Childcare ili patsogolo. Koma mwana yemweyo akayamba kulandira maola 30 aulere a ku nazale pa sabata, olipiridwa ndi boma, bilu n'kutsika kufika £400 pa mwezi, zinthu zimatembenuka. £4,800 pa chaka, Tax-Free Childcare ipereka £960, pamene mavocha apereka 28% ya £4,800, yomwe ndi £1,344. Ndiye osawerengera chaka chino chokha. Lembani papepala bilu ya chaka chilichonse mpaka mwana womaliza atakula, kenako muphatikize.

Anabanda (Nottingham):
Eetu, ndipo zimene anena achimwenewa zakula mphamvu chifukwa maola aulere ku England afutukuka. April 2024 anayamba maola 15 a ana a zaka 2 a makolo ogwira ntchito, September 2024 anafikira ana a miyezi 9, ndipo kuyambira September 2025 ndi maola 30 kuyambira miyezi 9 mpaka mwana atayamba sukulu. Mabilu a mabanja ambiri oyenerera atsika, ndiye masamu amene munthu anachita mu 2019 sakugwiranso ntchito.

China chimene sichinatchulidwe ndi msinkhu. Tax-Free Childcare imatha pa 1 September mwana akakwanitsa zaka 11. Mavocha amafika pa 1 September akakwanitsa zaka 15, wolumala 16. Tikumbukirenso kuti amene adakali ndi mavocha analowa pofika 2018, ndiye mwana amene anawalowetsa ali kale ku pulayimale kapena kupitirira. Kwa ambiri bilu yatsala ndi ya kalabu ya m'mawa, ya akaweruka, ndi ya nthawi ya holide. Mabilu amenewo kawirikawiri sapitirira pokumanira paja. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, abale.

Nangozo (Birmingham):
Funso kwa inu akuluakulu, chifukwa limabwera kwambiri. Banja lili ndi mwana wa zaka 12 ndi khanda. Kodi sangasunge mavocha a wamkuluyo n'kutsegulira khandalo Tax-Free Childcare? Kapena bambo akhale pa mavocha, mayi pa Tax-Free Childcare?

Mayi a Yankho (Luton):
Ayi Nangozo, zonse ziwiri sizitheka. Lamulo limayang'ana banja lonse. Mmodzi akangoyamba Tax-Free Childcare, makolo onse awiri ayenera kusiya kulandira mavocha, pa ana onse. Muli ndi masiku 90 oti mudziwitse bwana molemba kuti aimitse mavocha, ndipo mukatero simungabwererenso, ngakhale patapita mwezi mutaona kuti munalakwitsa. Mavocha amene anali kale mu akaunti samafa, mukhoza kuwagwiritsabe ntchito mpaka atatha. Chimene chimatha ndi kulandira atsopano.

Msampha weniweni uli pofunsira maola 30. Maola 30 amaloledwa pamodzi ndi mavocha, palibe vuto. Koma fomu yake ya pa intaneti ndi imodzi ndi ya Tax-Free Childcare, mu akaunti imodzi ya gov.uk. Munthu wothamanga, foni ili m'manja ali pa basi, amangovomera zonse n'kupezeka wafunsiranso Tax-Free Childcare asakufuna. Mukafika pa funso limenelo dekhani, sankhani maola okha. Ndipo miyezi itatu iliyonse potsimikizira kuti mukuyenerabe, muziwerenga bwino musanadine.

Bambo a Tamanda (Glasgow):
Tikambeko za masabata 52 aja, chifukwa ambiri amataya mwayi popanda kudziwa. Mavocha akachuluka mu akaunti, mwina mwana wayamba sukulu, munthu amauza HR kuti aimitse kaye. Kuimitsa n'kololedwa, koma pakangodutsa masabata 52 otsatizana opanda vocha, mumatengedwa ngati munatuluka, ndipo wotuluka salowanso. Njira yabwino ndi kutsitsa ndalamayo kufika pochepa pamene dongosolo la kuntchito kwanu limalola, osati kuimitsiratu. Ngati mwaimitsa, lembani tsiku la vocha yomaliza ndipo muyambirenso pakadutsa miyezi 10 kapena 11 kuchokera tsikulo. Payroll, ofesi yokonza malipiro, imatseka masiku angapo tsiku lolandira lisanafike, ndiye mukapempha mochedwa vocha imagwera mwezi wotsatira, nthawi itadutsa kale.

Kusintha ntchito nakonso. Bwana watsopano sangakulowetseni, ngakhale akhale ndi antchito ena amene akulandirabe. Anamwino amvetse apa: kuchoka ku NHS trust (bungwe loyendetsa zipatala za boma) ina kupita ku ina ndi kusintha bwana, ngakhale yunifomu ndi penshoni zili zomwezo. Kupatula kwake ndi pamene kampani yagulidwa kapena ntchito yasamutsidwa pansi pa malamulo a TUPE oteteza antchito osamutsidwira kwa bwana wina, pamenepo mwayi umakutsatirani. Munthu akamaganiza zosamukira ntchito ya malipiro okwererapo ndi £1,000 pa chaka, achotsepo 28% ya msonkho ndi National Insurance, zitsala £720, kenako ayerekeze ndi £816 imene akutaya. Sindikuti munthu akane kukwezedwa chifukwa cha vocha, koma aziika pa sikelo.

Achimwene Limbani (Manchester):
Pali malire ena apansi amene amakhudza abale ambiri a m'ntchito zosamalira okalamba ndi za m'mawerehausi. Salary sacrifice siloledwa kutsitsa malipiro anu kufika pansi pa malipiro otsikitsitsa a boma. Kuyambira April 2025 anali £12.21 pa ola kwa a zaka 21 kupita m'tsogolo. Tiyerekeze munthu wa £12.60 pa ola, maola 37.5 pa sabata, omwe ndi maola 162.5 pa mwezi. Malipiro ake ndi £2,047.50. Otsikitsitsa pa maola omwewo ndi £1,984.13. Mpata wake ndi £63 basi. Ndiye ngakhale lamulo la msonkho limulole £243, payroll idzamupatsa £63 yokha, phindu lake osafika £18 pa mwezi. April aliyense malipiro otsikitsitsa akakwera koma anu osakwera mofanana, mpatawo umachepa, ndipo ena amangoona vocha yadulidwa osadziwa chifukwa. Zodulidwa zina za mtundu womwewu, monga penshoni ya salary sacrifice kapena njinga ya kuntchito, zimadyera mu mpata womwewo.

Kumtunda nakonso kuli chake. Kumayambiriro kwa chaka cha msonkho bwana amawerengera malipiro amene akuyembekezera kuti mulandira, n'kukuikani pa £243, £124 kapena £110. Mlingo umenewo umakhala chaka chonse ngakhale mukwezedwe mu July. Koma April wotsatira, ngati mwadutsa pafupifupi £50,270, mutsikira pa £124.

Anaphiri (Leeds):
Za uchembere bwanji? Pamenepa amayi ambiri amadziwa mochedwa.

Anabanda (Nottingham):
Statutory Maternity Pay, ndalama ya tchuthi cha uchembere yokhazikitsidwa ndi lamulo, imawerengedwa kuchokera pa malipiro a masabata 8 otsogolera sabata la 15 tsiku loyembekezera kubereka lisanafike. Mwachidule ndi kuyambira cha m'ma sabata 17 mpaka 25 a pathupi, ndipo kwa olandira pamwezi nthawi zambiri ndi ma payslip awiri. Malipiro amene amawerengedwa ndi otsala vocha itachotsedwa. Masabata 6 oyamba a tchuthi mumalandira 90% ya malipiro amenewo. £243 pa mwezi ndi pafupifupi £56 pa sabata, 90% yake ndi £50, kuchulukitsa ndi 6 ndi pafupifupi £300 imene mwataya msonkho usanachotsedwe, kapena £218 utachotsedwa. Mukaimitsa mavocha pa miyezi iwiriyo mumataya phindu la £68 kawiri, £136. Ndiye kuimitsa kumapindulitsa pang'ono, ndipo kumapindulitsa kwambiri ngati bwana amawonjezera yake ya uchembere powerengera malipiro a nthawi yomweyo. Masabata 33 otsatirawo sakhudzidwa kwa ambiri, chifukwa ndi mtengo wokhazikika, £187.18 pa sabata mu 2025/26.

Chachiwiri, vocha singadulidwe pa Statutory Maternity Pay. Kale mabwana ambiri ankapitiriza kupereka mavocha pa tchuthi ndi ndalama zawo, koma mu 2016 khoti la apilo la milandu ya ntchito linagamula pa mlandu wa Peninsula Business Services v Donaldson kuti bwana sakakamizidwa kutero ngati mavochawo ndi a salary sacrifice. Ena amaperekabe mwa kufuna kwawo, ambiri anasiya. Tsopano phatikizani: mwaimitsa miyezi iwiri muli ndi pathupi, simunayambirenso, kenako tchuthi cha miyezi 12. Masabata 52 adutsa inu muli kalikiliki ndi matewera. Mukangodutsa sabata la 25 yambiraninso, kuti vocha yomaliza ikhale pafupi ndi tsiku loyamba tchuthi, ndipo mupangane ndi payroll molemba za mwezi umene mudzalandire yotsatira.

Bambo a Tamanda (Glasgow):
Penshoni nayo muifunse. Mabwana ena amawerengera penshoni pa malipiro athunthu, ena pa otsala vocha itachotsedwa. Funso lofunsa HR ndi limenelo basi, ndipo yankho lizibwera pa imelo. Kuti muone kukula kwake: penshoni ya NHS ya 2015 imakula ndi gawo limodzi mwa 54 la malipiro a chaka. Ngati £2,916 yachotsedwa pa malipiro owerengera penshoni, ndi £54 ya penshoni ya pachaka imene yachepa pa chaka chilichonse chimene mwatenga mavocha, ndipo kuchepako kumakhala kwa moyo wonse wopuma. Zaka khumi ndi £540 pa chaka. Mbali ina mumasonkhanso zochepa ku penshoniko pa nthawiyo, koma si nkhani yonyoza.

Ubwino wake wobisika ndi wakuti malipiro amene HMRC, nthambi ya boma yotolera msonkho, imaona amatsika. Wa malipiro ongodutsa £60,000, pamene amayamba kubweza Child Benefit (ndalama ya boma yothandizira kulera ana), vocha imamuchepetsera zobwezazo. Ofuna ngongole ya nyumba aziuza banki kuti kudulidwako n'kwa mavocha, chifukwa mabanki amawerengera mosiyana.

Nangozo (Birmingham):
Zonsezi n'zabwino, koma tinene chilungamo. Ambiri m'gulu muno anabwera 2020 itadutsa, pa viza ya Health and Care Worker, makamaka kuyambira February 2022 pamene osamalira okalamba anawonjezedwa. Mavocha anawapeza atatsekedwa. Ndiye iwowa atani?

Mayi a Yankho (Luton):
Mwafunsa bwino achemwali, ndipo apa pafunika kusamala kwambiri. Kuti munthu afunsire Tax-Free Childcare kapena maola 30 a makolo ogwira ntchito, ayenera kukhala ndi National Insurance number komanso chimodzi mwa izi: unzika wa Britain kapena Ireland, settled kapena pre-settled status, kapena chilolezo cholandira thandizo la boma. Ngati pa viza yanu pali mawu oti no recourse to public funds, kutanthauza kuti simuloledwa thandizo la boma, simungafunsire. Universal Credit, thandizo la boma kwa opeza zochepa, nayonso ayi. Ngati mnzanu wa m'banja ali ndi unzika kapena chilolezo chokhazikika, iyeyo ndi amene afunsire m'dzina lake, inu mungolembedwa ngati mnzake.

Zimene zilipo kwa aliyense ku England mosayang'ana viza ndi maola 15 pa sabata a ana a zaka 3 ndi 4, masabata 38 pa chaka, onse pamodzi maola 570. Amayamba temu yotsatira mwana akakwanitsa zaka 3, ndipo safuna kodi ya pa intaneti, mumangodzaza fomu ku nazale n'kuonetsa satifiketi ya kubadwa. Mwana wobadwa pa 2 September amadikira mpaka January, wobadwa pa 30 August amayamba September yomweyo. Palinso maola 15 a ana a zaka 2 a mabanja opeza zochepa, amene kuyambira September 2022 anatsegulidwa kwa mabanja a no recourse to public funds ngati malipiro ndi zosunga zawo zili pansi pa malire. Amenewa amafunsiridwa ku khonsolo, osati ku HMRC.

Bambo a Tamanda (Glasgow):
Ku Scotland ana onse a zaka 3 ndi 4 amalandira maola 1,140 pa chaka kuyambira August 2021, makolo agwire ntchito kapena ayi. Ndi kuwirikiza kawiri maola 570 a ku England. Wales ndi Northern Ireland ali ndi zawo, ndiye za maola osamangotengera zimene wanena mnzanu wa dera lina. Mavocha ndi Tax-Free Childcare zili zofanana UK yonse.

Achimwene Limbani (Manchester):
Pali khomo lina la kuntchito limene silinatsekedwe mu 2018, ndipo anthu salitchula kawirikawiri: nazale ya kuntchito, imene pa malamulo a msonkho amati workplace nursery. Ngati bwana ali ndi nazale yake, kapena amayendetsa nazale mogwirizana ndi ena, bilu yonse ikhoza kudulidwa pa malipiro msonkho usanachotsedwe, ndipo palibe malire a £243. Bilu ya £1,000 pa mwezi, wa 20% apulumutsa £280 pa mwezi, £3,360 pa chaka. Ndi kuchotseredwa msonkho, si thandizo lofunsira ku boma. Zipatala zikuluzikulu ndi mayunivesite ena ali nazo, ndiye musanasaine ku nazale ya m'tauni funsani HR, ndipo lembetsani msanga chifukwa mzere umatalika. Malire a malipiro otsikitsitsa aja amagwirabe ntchito, ndiye wa £12.60 pa ola sizimuthandiza kwenikweni, koma namwino kapena dokotala zimamuthandiza.

Chenjezo lake: lamulo limafuna kuti bwana akhale ndi gawo lenileni pa ndalama zoyendetsera nazaleyo ndi pa kayendetsedwe kake, ndipo malowo asakhale nyumba yokhalamo anthu. Pali makampani apakati amene amalonjeza kusandutsa nazale iliyonse kukhala ya kuntchito, bwana akungoponyako kandalama kochepa pamwezi n'kumaimbirana foni mwa apo ndi apo. HMRC yakhala ikuchenjeza kuti zoterezi sizikwana. Ikakana, msonkho wonse umene sunalipidwe umafunidwa. Funsani bwana kuti zikatero adzalipira ndani.

Anaphiri (Leeds):
Tikambenso za amene angalipidwe ndi vocha, chifukwa kwathu tinazolowera kusiyirana ana. Vocha, Tax-Free Childcare, ngakhale Universal Credit, zonse zimalipira wosamalira wolembetsedwa yekha: wolembetsedwa ku Ofsted (bungwe loyendera masukulu ndi malo osungira ana) kapena ku bungwe la ma childminder (osunga ana pakhomo) ku England, Care Inspectorate ku Scotland, Care Inspectorate Wales, ndi ma Health and Social Care Trust ku Northern Ireland. Mayi wa kutchalitchi amene amasunga ana a anzake pakhomo, kaya ndi wokhulupirika chotani, sangalandire vocha ngati sanalembetse. Ndipo ku England kusunga ana osafika zaka 8 kunyumba kwanu kupitirira maola awiri pa tsiku molipidwa osalembetsa ndi kulakwira lamulo, pokhapokha ngati ndinu wachibale wapafupi.

Agogo akabwera kuchokera kumudzi kudzaona zidzukulu, simungawalipire ndi vocha. Wachibale wosamalira mwana m'nyumba ya mwanayo sawerengedwa, komanso viza ya mlendo silola kugwira ntchito. Wachibale amaloledwa ku England ngati ali childminder wolembetsedwa ndipo akusamalira mwanayo kunja kwa nyumba ya mwanayo.

Anabanda (Nottingham):
Pa makalabu a holide samalani. Kalabu ya ana opitirira zaka 8 okhaokha, monga ya mpira kapena yosambira, sikakamizidwa kulembetsa ku Ofsted. Ikhoza kulembetsa mwa kufuna kwake, ndipo ndi yolembetsa yokha imene ingalandire vocha. Musanalipire dipoziti funsani nambala yawo ya Ofsted, komanso ngati ali ndi akaunti ndi kampani ya mavocha anu, kaya ndi Edenred, Computershare kapena ina. Kulembetsa ku kampani ina sikutanthauza kuti alembetsa ku zonse, ndipo kutsegula akaunti kumatenga masiku. Kalabu yoyendetsedwa ndi sukulu yeniyeniyo imagwiritsa nambala ya sukulu.

Polipira, ndalama imatenga masiku angapo ogwira ntchito kuti ifike, ndiye ngati nazale imafuna bilu pa 1, tumizani pa 25 kapena 26. Ikani dzina la mwana ndi nambala ya invoisi. Kampani ya mavocha imatumiza ndalama za makolo ambiri, ndipo yopanda dzina imangokhala osadziwika mwini wake, inu n'kulandira kalata ya chindapusa cha kuchedwa.

Nangozo (Birmingham):
Nanga amene mavocha awaunjikira, mwina £2,000, mwana wakula? Angabwezeredwe ndalama?

Bambo a Tamanda (Glasgow):
Si ufulu ayi. Zimadalira bwana ndi pangano limene munasaina, ndipo ambiri amalola pa zifukwa zapadera zokha. Akalola, ndalamayo imadutsa ku payroll n'kudulidwa msonkho ndi National Insurance, sibwera mwachindunji kuchokera ku kampani ya mavocha. Njira yosavuta ndi kuwerenga chobwerera m'mbuyo. Onani September amene mwana womaliza adzatuluke msinkhu, werengani makalabu ndi maholide amene atsala, chotsani zimene zili mu akaunti, zotsalazo mugawe pa miyezi. Mavocha a pa intaneti nthawi zambiri sakhala ndi tsiku lothera, ndiye ounjikidwa m'nyengo yozizira amagwira ntchito pa holide ya masabata 6 ya July ndi August. Amagwiranso pa mwana aliyense wa m'nyumbamo amene muli ndi udindo womulera, kuphatikizapo wopeza.

Mayi a Yankho (Luton):
Kwa amene masamu awauza kuti asamuke, chitani motere. Choyamba tsimikizani kuti mukuyenera musanauze bwana chilichonse. Makolo onse awiri ayenera kukhala pa ntchito, aliyense akuyembekezera kulandira zosachepera maola 16 pa sabata pa malipiro otsikitsitsa, yomwe inali £2,539 pa miyezi itatu pa mtengo wa April 2025, ndipo pasakhale wodutsa £100,000 pa chaka. Mavocha safuna zimenezi, kholo limodzi likhoza kukhala pakhomo kapena kusukulu. Ndiye ngati mmodzi wa inu akuganiza zosiya ntchito kukaphunzira chaka chamawa, Tax-Free Childcare idzaima, mavocha munasiya kale, mudzatsala opanda chilichonse. Kenako funsirani pa gov.uk, dikirani kuvomerezedwa, onani kuti nazale yanu ikupezeka mu akauntimo, pomaliza lemberani bwana.

£500 ija imayendera miyezi itatu ya akaunti yanu, ndipo yosagwiritsidwa ntchito siwolokera ku miyezi yotsatira. Ngati bilu yanu imakwera nthawi ya holide, muziika ndalama mofanana chaka chonse kuti boma liziwonjezera nthawi iliyonse, ndalamayo izidikira mu akaunti. Mukaitulutsa osalipira nazale, gawo la boma limabwerera kwawo.

Achimwene Limbani (Manchester):
Mayi a Yankho, tisaiwale a Universal Credit. Iwo amabwezeredwa mpaka 85% ya bilu, malire ake £1,031.88 pa mwezi pa mwana mmodzi ndi £1,768.94 pa ana awiri kapena kuposa mu 2025/26. Tax-Free Childcare siyendera limodzi ndi Universal Credit, ndipo kusiya 85% kuti mutenge 20% ndi kudzibera. Mavocha amaloledwa pamodzi ndi Universal Credit, koma gawo la bilu limene mwalipira ndi vocha simungalilembe kuti mubwezeredwe. Malipiro akatsika Universal Credit imakwerako, komabe pa bilu imene ili pansi pa malire aja, kulipira ndi ndalama zanu n'kubwezeredwa 85% kumaposa. Vocha imathandiza pa gawo lopitirira malire lokha.

Anaphiri (Leeds):
Zikomo nonse. Nangozo, funso la maola 15 a ana a zaka 2 kwa a viza likufunika malo akeake, chifukwa malire a malipiro amasiyana pakati pa London ndi kunja, komanso mwana mmodzi ndi awiri. Anabanda, mungaliyambe mawa?

Anabanda (Nottingham):
Ndiliyamba madzulo. Ofuna kuti tiwawerengere za mavocha atumize zinthu zinayi zokha: mlingo wa msonkho wa kholo lililonse, amene ali pa mavocha ndi angati, zaka za ana, ndi bilu ya pamwezi maola aulere atachotsedwa. Payslip musaike pagulu, ili ndi National Insurance number yanu.